Mphete ya m'mimba

Chaka chimene tinathawira ku Furancungo, nkhondo itafika m'minda mwathu, amuna anga anadwala kamwazi. Chimunthu chachitali chija chinatsala mafupa okhaokha. Makumpirimidu, mapiritsi a kuchipatala, anamwa onse, koma m'mimba osaleka.

Ndinapita kwa a enifirimeru, namwino wa pachipatalapo, bambo wa Chichewa chothyokathyoka, nditawatengera mbatata ya kachewere, poti kwathu sitipita kwa munthu chimanjamanja. Iwo anatola imodzi.

"Mayi, kachirombo ka m'mimba ndi aka. Pobereka sikafuna mwamuna. Kamangoduka pakati, basi tiwiri."

"Popanda mwamuna? Nanga ife tinalakwanji?"

Amayi a pamzere onse kuseka, wina mpaka mwana kumbuyo anadzuka.

"Dikirani. Tina tili ndi kamphete m'kati, pulasimidiyo. Ndi kamene kamakana mankhwala. Kachirombo kasanaduke, mphete imayamba yabereka inzake, ina uku ina uku, mwana aliyense atenge yake. Wotsala wopanda mphete nthawi zina amafa."

Anadula mbatata ija pakati, nandipatsa makumpirimidu ena. "Amalize onse. Osagawira munthu."

Ine sukulu ndinalekeza terceira, kalasi yachitatu, aphunzitsi ake ankatituma nkhuni tsiku lonse, ndiye chimene ndinagwira ndi mphete basi. Ndili panjira mtima unangoti phaa! Abambo akunyumba anali ndi mphete yamkuwa, ya kumigodi, yosavula ngakhale posamba. Ndiyomweyo!

Sabawu, sopo uja, nthawi imeneyo, ana inu, anali wosowa kuposa mchere. Kachidutswa kanga ndinkabisa m'chitini. Ndinakatulutsa, n'kuyamba kupaka chala chawo.

"Amayi, mukundibera ndili moyo?"

"Khalani chete inu, ikubereka!"

Inavuka. Ndinathamanga nayo, m'chimbudzi ponyu!

Makumpirimidu aja ndinawamwetsa onse. Alamu anga anapemphako awiri, ndinawakaniza, mwezi wathunthu osandipatsa moni. Tsiku lachinayi abambo anati akufuna mbatata yootcha. Ndinavina pakhomo ngati pa chinkhoswe, chitenje mpaka kugwa.

Ndinabwerera kuchipatala kukanena kuti mphete ndathana nayo. A enifirimeru anaseka mpaka anakhala pansi, misozi mbwee.

"Mayi, mphete ija siioneka ndi maso! Ili m'kati mwa kachirombo!"

Abambo anakhala moyo mpaka kuona zidzukulu, koma akakhuta ankayang'ana chala chija n'kuusa moyo.

"Mphete yanga, amayi."

Ine ndinkangoti, "Munachira kapena simunachire?"