Tsiku Limene a Shaba Anathamanga

Chinayamba ndi kubaya m'nthiti, mwezi wa Meyi, chaka chachiwiri atandisamutsa kwathu ku Ntcheu kudzaphunzitsa pasukulu ina pafupi ndi Embangweni. Masewera anali m'manja mwanga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathamanga ndi ana. Wothamanga aliyense amakudziwa kubaya kumeneku: umangoluma mano n'kupitirira, kumatha kokha. Kwanga sikunathe. Pofika Juni ndinali kutsokomola, kudzuka bulangeti litanyowa ndi thukuta kunja kukuzizira, lamba ndikumuboola mabowo atsopano.

Mkazi wanga anati tipite kuchipatala. Ine, chitsiru, ndinapita kwa a Shaba.

A Shaba anali mkulu wa mpingo wathu, bambo wa mimba yake, khadi la chipani thumba ili, buku la nyimbo thumba linalo. Ulaliki wawo unali umodzi chaka chonse: chikhristu ndi mpikisano wa liwiro. Eni akewo sindinawaonepo akuthamangitsa ngakhale nkhuku. Kutchalitchi, pamtunda woti utaponya mwala ukafika, ankabwera panjinga. Atamva za chifuwa changa anati, ponditchula mphunzitsi m'Chitumbuka, "Asambizi, wothamanga satuluka mumzere chifukwa cha kachifuwa. Pirirani, mbwenu mphotho ndi yanu." Lamulungu lotsatira ananditchula dzina paguwa kuti ndine chitsanzo cha kupirira. Ndisaname, zinandikoma.

Kuyambira pamenepo, kupita kuchipatala kukanakhala kugonja mpingo wonse ukuona. Ndinathamangabe miyezi iwiri. Mu Ogasiti, pa mpikisano wa masukulu, ndikuthamanga m'mbali mwa bwalo kulimbikitsa ana anga, ndinagwa n'kulavula magazi. Ananditengera kuchipatala cha mishoni pangolo.

Anandikweza pasikelo, anatenga makhololo masiku atatu, kenako namwino anandiuza mosazungulira. "Ndi chifuwa chachikulu. Mwakhalitsa nacho chomene, adada. Mukanadikira mwezi wina, bwenzi tikukuimbirani nyimbo."

Ndinagona m'wodi miyezi iwiri. Jakisoni m'mawa uliwonse, mpaka ndinasowa mbali yokhalira. Masana tinkawothera dzuwa pakhonde, kudikira tsiku la sikelo. A Shaba anabwera kamodzi. Anaima panja, pawindo, kansalu kali pamphuno, n'kupereka pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo. Amene aja onena kuti wokhulupirira saopa! Ndinatembenukira kukhoma.

Nditatuluka anandipatsa mapiritsi omwa kupitirira chaka. Mpikisano weniweni ndinaudziwira pamenepo. Palibe wokuombera m'manja, palibe wokutchula paguwa. Umameza, mawa umezanso, ngakhale thupi likukunamiza kuti wachira. Mnzanga wina wa m'wodi, mlimi wa ku Jenda, anasiyira panjira atayamba kunenepa, ndipo sanafike nyengo yokolola. Mulungu sindinamutaye, koma ndinaphunzira kuti kupirira ndi kumaliza mankhwala, osati kubisa matenda.

Tsiku lokatenga mapiritsi omaliza ndinalawirira. Ndikuyandikira chipata, ndinamva mapazi kumbuyo, phi phi phi! Kucheuka, a Shaba! Njinga inali itaphwa tayala, ndiye anaitaya panjira. Jekete m'manja, thukuta kamukamu, anandipitirira ngati sakundidziwa n'kukaima kutsogolo kwa mzere. Ndinawamva akuchonderera namwino, "Ndapota amama, mundipime. Ndayamba kutsokomola dzana."

Dzana! Ine anandiuza ndipirire, ndinapirira miyezi iwiri. Atawayeza anapeza kuti chinali chimfine.

Lero ndili bwino, ndimadya, ndimaphunzitsa. Koma dokotala anati phapo limodzi linatsala ndi zipsera, ndipo kuthamanga ndinasiya. Ana akamazungulira bwalo ine ndimaima ndi wezulo, mtima ukuwawa. Ndikanamvera mkazi wanga mu Juni muja, bwenzi ndikuthamanga nawo.

Choncho abale, chifuwa chikakana kutha, musadikire kulavula magazi ngati ine. Ulaliki wa a Shaba musaumvere. Tsanzirani miyendo yawo.