Amita Tinakaionera Pazenera

Aphunzitsi athu a fizikisi ankadziwa kujambula. Akagwira choko ankajambula batire, mawaya ndi babu pabolodi mpaka iwe kumayembekeza kuti babuyo ayaka. Sukulu yathu, sekondale yoyendera ya kwa Kalembo, inalibe magetsi. Chipinda chimene pachitseko chake panalembedwa kuti labotale ankasungiramo chimanga cha a hedi.

Tili fomu folo, mayeso atayandikira, masana onse tinkabwereza mafunso a zaka zam'mbuyo. Mafomula tinkawaimba ngati akwaya. Mutifunse mphamvu ya magetsi yodutsa mu waya, tinkakuwerengerani osaphethira, chikhalirecho ambirife kwathu tinkawerengera pa koloboyi.

Tsiku lina mnzanga wina, mwana wa wogulitsa usipa pa Ulongwe, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kodi amita imeneyi, yoyezera magetsiyi, ndi yaikulu bwanji? Munthu angainyamule yekha?"

"Funso limenelo silibwera pamayeso," anatero aphunzitsi, napitiriza kujambula.

Koma pepala la pulakitiko linali kubwera ndithu, ndipo pamenepo munthu umayenera kugwira zinthu ndi manja. Aphunzitsi anapangana ndi sukulu ina yogonera konko, kutsidya kwa Shire, ku Machinga, imene anthu akufuna kwabwino anaimangira labotale. Tinakwera lole ya venda wa chimanga, kukhalira masaka. Atsikana anasita mayunifolomu. Amayi anga anauza mudzi wonse kuti ndapita kukaphunzira magetsi.

Titafika tinapeza labotale ndi yotseka. Anatilandira achiwiri kwa a hedi a kumeneko, bambo onenepa, ali ndi tayi.

"Pepani kwambiri," anatero. "Makiyi apita nawo a hedi ku Zomba. Kuli msonkhano wokambirana zokweza maphunziro a sayansi m'sukulu zakumidzi."

Aphunzitsi athu anafunsa ngati panalibe kiyi wina.

"Iyayi. Komanso ndikuuzeni mwaubale, zipangizo zimenezi n'zodula. Ana athu omwe sitiwalola kuzigwiragwira. Eni ake akabwera kudzayendera ayenera kuzipeza zili bwino."

Munthu wina akanabwerera pomwepo. Aphunzitsi athu anathyola kamtengo, natiika pamzere pazenera. Tinkasuzumira awiriawiri pakati pa zitsulo, manja tatchinga m'mbali mwa nkhope. Mkati munali matebulo oyera, mipopi yamadzi, ndi makatoni osatsegula.

"Mukuona apo, pafupi ndi kabati? Amita ndi imeneyo."

"Tikuona katoni, aphunzitsi."

"Ili m'katonimo. Wotsatira!"

Ana a pasukulupo anatizungulira akuseka. Wina anafuula kuti alendo odzaona malo asochera njira ya kunkhalango ya nyama. Mnzanga wa pa Ulongwe uja anatembenuka.

"Achimwene, inuyo munaigwirapo?"

"Ife timadutsa pano tsiku lililonse," anayankha mnyamata wofuula uja, akukonza kolala.

Pobwerera, fumbi litatiyeretsa nsidze, aphunzitsi anaimirira mu lole atagwira chitsulo. "Tsopano pasapezeke munthu wonena kuti sanapiteko ku labotale." Lolemba lake a hedi athu analengeza pa asembule kuti a fomu folo amaliza mapulakitiko, ndipo a fomu wani anatiombera m'manja.

Kutatsala pang'ono mayeso, aphunzitsi anatipatsa malangizo omaliza. "Singano ya amita ikakana kuyenda, inu musalimbane nayo. Fomula mukuidziwa. Werengerani chimene ikanaonetsa ikanakhala yaulemu."

Zipangizo zobwereka zinafika m'mawa wa tsiku la mayeso, pa kabaza. Amita ija inali kanthu kochepa ngati sopo wosambira. Ndinakhumudwa nayo. Ndinalumikiza mawaya monga mwa chithunzi cha pabolodi, koma singano inabwerera chammbuyo n'kukakamira pomwepo. Ndinayang'ana kwa anzanga. Wina ankaigogoda ndi cholembera, wina ankaiika kukhutu. Mtsikana amene anali pafupi nane, mwangozi chabe, babu wake anayaka. Anakuwa "Mayo!" n'kutaya waya, mpaka woyang'anira mayeso anabwera chothamanga kuganiza kuti wagwidwa ndi magetsi.

Enafe tinachita zimene anatiuza. Tinawerengera, tinadzaza manambala, tinajambula magirafu owongoka bwino ngati msewu wa ku Mangochi. Mtsikana uja yekha ndiye analemba zimene anaona, ndipo girafu yake inali yokhotakhota. Anatuluka akulira.

Zotsatira zitatuluka, ambirife tinakhoza fizikisi, ena kuposa a sukulu yogonera ija. Mtsikana uja anakhoza mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Kunabwera bwana wa zamaphunziro pagalimoto yaikulu kudzatiyamikira, makolo atakhala pansi pa mitengo ya mango. Bwanayo anati sukulu yathu yaonetsa dziko lonse kuti kusowa zipangizo ndi chodzikhululukira cha aulesi. Anati panali ganizo lotibweretsera zipangizo chaka chotsatira, koma poona mmene tachitira, n'zoonekeratu kuti zikufunika kwambiri kwina kumene ana akulephera.

Amayi anga ndiwo anayambitsa nthungululu.