Bokosi la Khansala pa Njira ya Kuphiri

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, pa mphasa imene ndinagonapo m'nyumba ya siwa ku Matawale. Inali nyengo yozizira, ndipo mawondo anga anatenga nthawi kuti avomere kuwongoka. Bokosi la mchimwene wanga linali pabalaza, pamalo pomwe kale pankakhala tebulo. Mkazi wake, mlamu wanga, anali atakhala tsonga kumutu kwa bokosilo, akuyang'ana khoma. Sanagone. Amayi a mpingo asanu ndi awiri okha ndiwo anachezera nafe, ndipo nyimbo zawo zinatha msanga popeza panalibe ozilandira. Ndakhala pa maliro ambiri mu mzinda wa Zomba, a anthu osauka ndi a anthu otchuka omwe, koma ndinali ndisanaonepo siwa yokhala ndi malo otambasulira miyendo.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake, popeza ena owerenga sakhala kuno. Mchimwene wanga, amene ndinkamuposa ndi zaka zinayi, anakhala khansala wa dera lina la mu mzinda muno kwa nthawi yaitali. Meya wa mzinda sasankhidwa ndi anthu onse. Makhansala amakhala pansi nasankha mmodzi mwa iwo okha, ndipo mchimwene wanga ankanyadira kuti dzanja lake linaikapo anthu pa mpando umenewo. Miyezi ingapo asanamwalire, kunachitika msonkhano wofunsa anthu ngati angakonde kuti azisankha okha meya. Ambiri anavomera. Mayi wina wogulitsa tomato mu msika waukulu anaimirira nanena kuti iye akufuna meya woti akalakwa, amuchotse ndi chala chake chomwe anamuikira. Mchimwene wanga anamuyankha akuseka: "Mayi, inu muzisankha tomato wakupsa ndi wosapsa. Za meya tisiyireni ife odziwa."

Wina anajambula mawuwo pa foni, ndipo sabata isanathe anali atamveka m'maminibasi, m'mashopu ndi pa mijigo. Ine ndinawamva pa foni ya mwana wanga wamwamuna. Sindinamuuze kanthu mchimwene wanga. Kwathu mkazi sadzudzula mwinimbumba ngakhale akhale wamng'ono kwa iye, ndipo ine ndakhala moyo wanga wonse ndikusamala pakamwa pamaso pa abale.

Kutayamba kuyera ndinatuluka panja. Phiri silinkaoneka, nkhungu inali italiphimba kuyambira pamwamba mpaka m'munsi. Kuseri kwa nyumba mafuwa anali atayalidwa pa malo asanu ndi limodzi, koma moto unkayaka pawiri pokha, ndi nkhuni zimene mwana wanga anagula dzulo lake. Pa maliro a kuno amayi oyandikana nawo amabwera ndi ufa m'mbale ndi nkhuni pamutu, osachita kupemphedwa. M'mawa umenewo anabweradi, ambiri ndithu, atavala bwino mipango ndi zitenje. Aliyense ananyamula tomato. Ena anali m'mbale, ena m'mabeseni, ena m'timapepala ta pulasitiki. Ankagwada mwaulemu, kupepesa monga mwa mwambo, n'kukhuthula tomatoyo pa chiguduli pafupi ndi khomo la kukhitchini. Palibe amene anabweretsa ufa. Palibe amene anaseka. Pofika nthawi ya kadzutsa muluwo unali utafika m'mawondo, ndipo wa pansi anali atayamba kuphwanyika, madzi ake akuyenderera cha ku khonde. Ndinalandira mbale iliyonse ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Anthu anachuluka dzuwa lisanakwere, ngati linakwera n'komwe tsiku limenelo. Kunabwera a kabaza ndi njinga zawo, mavenda a mu msika, amalonda achisilamu atavala zisoti zawo, ophunzira ochita lendi m'nyumba za m'mbali mwathu. Anadzaza msewu mpaka kupitirira masamba amene tinaika posonyeza maliro. Palibe amene akanati anthu a ku Matawale sanabwere ku maliro a khansala. Anangokhala chete, manja ali m'khwapa chifukwa cha mphepo.

Makhansala anzake asanu ndi mmodzi anafika pa magalimoto, atavala masuti akuda, nakhala pa mipando mu tenti. Ndiwo anagula bokosi, ndipo ndiyenera kunena kuti anagula ndi mtima wabwino. Linali lalikulu, la matabwa ochindikala, lokhala ndi zogwirira zachitsulo zonyezimira. Polilowetsa m'nyumba dzulo lake anachita kuchotsa chitseko. Mmodzi wa iwo analankhula m'malo mwa anzake, ndipo atanena kuti malemu anali munthu wa anthu, bambo wina kumbuyo anatsokomola. Wina anatsokomolanso, kenako wina, mpaka chifuwacho chinayenda khamu lonse kukafika kumsewu. Wolankhulayo anapinda pepala lake asanalimalize.

Tinanyamuka masana atayandikira, mvula ya chiperoni itayamba kuwaza. Bokosi linakwezedwa pa lole ndi mwana wanga, msuweni wathu wina wachikulire, dalaivala ndi akulu a mpingo. Mwana wa malemu ali ku Joni, ndipo anali asanapeze njira yobwerera. Tinadutsa m'tauni pang'onopang'ono, pafupi ndi msika, kenako pafupi ndi maofesi akale a boma kumene ndinagwirako ntchito yotayipa nditangomaliza sekondale. Khamu linatitsatira, ena pa njinga, ena pa malole awiri, ambiri wapansi. Tinayamba kukwera msewu wa kuphiri.

Manda a amayi athu ndi amalume athu ali pamwamba pa mudzi umene tinabadwira, m'munsi mwa nkhalango ya paini. Galimoto siifikako. Imaima pomwe kanjira kamapatukira, ndipo kuchokera pamenepo bokosi limayenda pa mapewa, mtunda wokwera mwina theka la ola. Pa maliro ena onse amene ndinakwera nawo kanjirako, amuna ankachita kulimbirana bokosi. Wina akatopa, mnzake ankalowa pansi pake osaimitsa ulendo.

Lole itaima, bokosi linatsitsidwa n'kuikidwa pa udzu. Abusa anayambitsa nyimbo. Amayi asanu ndi awiri aja anailandira. Amuna mazanamazana anaima mozungulira, osasuntha. Patapita kanthawi, bambo wina wa kabaza anatsamira njinga yake nanena, osakweza mawu kwenikweni: "Amasankhana okhaokha. Anyamulanenso okhaokha."

Makhansala aja anayang'anizana. Sindidzawanenera zoipa pa zimene anachita: anavula majekete, napinda manja a malaya, nagwira zitsulo zija pamodzi ndi mwana wanga ndi msuweni wathu. Makhansalawo anali amuna a zaka zambiri ndi a mimba zazikulu, ovala nsapato zoterera za mu ofesi. Dothi la kanjirako ndi lofiira, ndipo likanyowa limakhala ngati sopo. Anakwera pang'ono, akupuma mwaphuma, khamu likuwatsatira m'mbuyo mwakachetechete ngati likuonerera mpira. Pokhota poyamba anapumula. Pokhota pachiwiri, khansala amene anali kutsogolo kudzanja lamanzere anaterereka nagwa chogwada. Ngodya ya bokosi inamenya mwala. Ndinali pafupi, ndipo ndinamva thupi la mchimwene wanga likusendera kumapazi m'katimo. Mlamu wanga, amene kuyambira tsiku la imfa anali asanalire mokweza, analira pamenepo.

Analisiya bokosilo m'matope, litapendekeka. Amene anagwayo sanathe kuimanso bwinobwino. Mkulu wa mpingo anakwera yekha kukapempha adzukulu, amuna a m'mudzi amene anakumba manda, kuti atsike adzathandize. Anabwerako ndi yankho lakuti ntchito yawo ndi dzenje ndipo aimaliza, kuti akazi awo nawonso amagulitsa mu msika womwewo, ndiponso kuti madzi ayamba kulowa m'mandamo. Abusa anatenga chimkuzamawu nakumbutsa anthu kuti kuweruza n'kwa Mulungu. Anthu anamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza. Mvula inawonjezeka. Nkhata za maluwa zimene amayi ananyamula zinayamba kuyoyoka.

Ndinamuzindikira mayi wa tomato uja chifukwa cha mmene anzake anaimira momuzungulira. Anali wamsinkhu wa mwana wanga, wochepa thupi, atafunda chitenje chofiirira pamwamba pa juzi. Ndinatsika kanjirako ndikugwira udzu, n'kukagwada patsogolo pake m'matope.

"Dzukani, agogo," anatero. "Inu simunatilakwire."

Ndinamuuza kuti sindidzuka mchimwene wanga ali pa njira.

"Ndiye tingomva chimodzi kwa inu eni ake. Paja anati ife timangodziwa tomato. Ananena zoona, kapena ananama?"

Ndinatembenuka kuyang'ana kumtunda. Mlamu wanga anali atagwira chivindikiro cha bokosi ndi dzanja limodzi, akundiyang'ana. Anapukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha. Ndinayang'ananso pansi.

"Ananama," ndinatero.

"Akumbuyo sanamve, agogo."

Wina anatenga chimkuzamawu m'manja mwa abusa n'kundipatsa. Amayi awiri anandidzutsa, kundigwira m'khwapa. Ndinamva mawu anga akugunda phiri n'kubwerera: mchimwene wanga ananama. Pamenepo ndikanatha kubweza chimkuzamawucho. Funso linali litayankhidwa, ndipo ndinaona amuna ena atayamba kale kuvula zisoti ndi kupinda mabuluku. Koma pakamwa pamene ndinapatseka zaka zonsezi sipanafune kutsekekanso. Ndinanena kuti mayi athu, amene agona pamwambapo, ankatsika kanjira komweka tsiku ndi tsiku atasenza dengu la tomato ndi mpiru, ndipo kuti malemu anaphunzira sukulu ndi dengu limenelo. Ndinanena kuti atakhala khansala ankauza alendo kuti mayi ake anali mphunzitsi. Ndinanena kuti ngati adzatifunse za meya, ine ndidzaima pa mzere ndi amayi a mu msika. Palibe amene anandifunsa zimenezi. Ndinazinena m'Chichewa chomveka bwino, mosathamanga, monga ndinkawerengera makalata mu ofesi.

Amuna analimbirana bokosi. Analipukuta matope ndi zitenje zimene akazi awo anawapatsa, nalikweza pa mapewa ngati lopanda kanthu. Nyimbo inayambira kumbuyo n'kukwera phiri lonse, amuna ndi akazi, Akhristu akuimba ndipo Asilamu akuyenda nawo limodzi. Pa moyo wanga sindinamvepo kuimba kokoma chotero pa maliro. Wa kabaza uja ananyamula kutsogolo kudzanja lamanzere mpaka kumanda, osalola kulandiridwa. Makhansala anatsalira m'mbuyo, akuthandiza mnzawo wotsimphinayo. Pamene ankafika, adzukulu anali atakapa madzi m'dzenje ndi zidebe ndipo bokosi linali litatsika kale.

Mwambo wotsala unayenda mwachangu chifukwa cha mvula. Abusa anapemphera. Mlamu wanga anaika nkhata yake, imene inali itatsala waya ndi masamba ochepa. Itafika nthawi yanga ndinaika yanga pambali pa yake, ndipo iye anasendera kumbali kuti zitenje zathu zisakhudzane. Potsika, amayi ambiri anandigwira chanza, ena ndi manja awiri. Mmodzi anandiuza kuti ndikadzapita ku msika ndisadzaime pa benchi ya wina koma pa yake. Ndinathokoza. Mwana wanga anayenda patsogolo panga njira yonse osatembenuka.

Tinabwerera ku Matawale dzuwa litapendeka. Anthu anadya zimene zinalipo, nabalalika. A tenti anabwera kudzaphwasula tenti yawo, mipando inakwezedwa pa lole, ndipo msuweni wathu anabwezeretsa chitseko pa mafelemu ake asanakwere minibasi ya ku Malosa. Amayi a mpingo anasesa pabalaza, nabweza tebulo pakati, natsanzika. Pofika chisisira m'nyumbamo tinatsala anthu awiri.

Mwa mwambo ndinayenera kugona ndi mlamu wanga m'chipinda chimodzi masiku oyambawa, kuti asakhale yekha. Ndinamutenthetsera madzi osamba, ndipo anasamba. Ndinamupangira tiyi, ndipo anamwa theka. Tinakhala pa tebulo lija moyang'anizana, mvula ikudontha pa malata. Ndakhala naye mayi ameneyu pa ubale zaka zoposa makumi anayi, ndipo sitinakanganepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinayamba kumuuza kuti madzi anali akulowa m'manda, kuti panalibe njira ina.

"Ndikudziwa, alamu," anatero. "Ndinaona." Anazunguza kapu yake pa tebulo. "Anakufunsani funso limodzi. Inu mwayankha atatu."

Anaimirira, natenga mphasa yanga pamene inatsamira khoma, naiyala pabalaza pomwepo, naikapo bulangete lopindidwa bwino. Kenako analowa kuchipinda kwake. Ndinamva akutseka chitseko, ndipo patapita kanthawi ndinamva akukhoma ndi kiyi.