Goloboyi wa ku Indiana

Ndinanama, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira. Sabata yanga yachiwiri pa ntchito ku Mississauga, m'dziko la Canada, bwana wathu anabwera ndi pepala loti aliyense alosere matimu amene adzapambane m'maligi a mpira wa m'makoleji a ku America. Ndikunena mpira wonyamula m'manja uja, wa zipewa zolimba. Anandifunsa ngati ndimautsatira, ndipo posafuna kuoneka mlendo ndinayankha kuti, "Kwambiri."

Sindinkadziwa timu ndi imodzi yomwe, ndiye ndinasankha potengera kumene kuli abale. Ku Indiana kuli msuweni wanga, ndinachonga. Ku Texas kuli alamu anga, ndinachonga. Ku Ohio kuli munthu amene sanandipepese maliro a bambo anga, ndinakudumpha.

Pa nkhomaliro bwana anakweza pepala langa pamaso pa onse. "Palibe wina wasankha chonchi. Mwaona chiyani ku Indiana?"

Apa mpamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Goloboyi wawo ali bwino chaka chino."

A Phiri, Mmalawi mnzanga amene wakhalitsa pakampanipo, anapitiriza kusenda nthochi osandiyang'ana. "Achimwene," anatero motsitsa mawu, "mpira umenewu ulibe goloboyi."

Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe amene anaseka. Ulemu wa anthu a kuno ndi wankhanza. Lolemba lililonse bwana amaima pa desiki yanga, osamwetulira n'komwe, n'kundifunsa kuti goloboyi wathu wadzuka bwanji.