Andichapira fungo la mwana wanga

Sitolo ina ya ku Oshawa, yogulitsa za masewera a patebulo ndi zovala zachitsulo za asilikali akale, yandichapira jekete la mwana wanga. Ndinawauza kuti asalikhudze. Achapa.

Ambiri pagulu la imelo lino mumamudziwa Limbani, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene tinamuika m'manda chaka chatha atachita ngozi ya galimoto nthawi ya sinowo. Mumadziwa kuti ankagwira ntchito ku weyahausi yosungira katundu kuno ku Brampton. Chimene ena simudziwa n'chakuti Loweruka ankakhala patebulo ndi anzake, kuponya madayisi, aliyense atadzisandutsa munthu wa m'nthano. Iye ankakhala msilikali wa ku Ulaya wa makedzana. Ndinkamuseka kuti, "Bambo wandevu, nkhondo ya patebulo?" Masewerawo anamulowerera mpaka anagula zovala zenizeni za msilikaliyo.

Povala ankandiitana kuti ndimumange zingwe. Kavalidwe kake sikanali kachisawawa. Poyamba jekete lokhuthala losokerera thonje mkati. Pamwamba pake malaya a timphete tachitsulo tolukanalukana, olemera ngati ndowa yodzaza madzi. Kenako zitsulo za m'mapewa ndi m'zigongono, n'kumaliza ndi nsalu yofiira. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kutentha konseku, osangovala chitsulo chokha bwanji? Anati, "Ayi Mum, chitsulo chimaluma. The jacket goes first."

Maliro atatha, azakhali ake ndi azimayi a kumpingo anabwera kudzachapa zovala za malemu kuti zigawidwe, monga timachitira kwathu. Anachapa zonse, ndi mabulangete omwe. Atatsikira m'besimenti, chipinda chapansi pa nyumba, n'kuona zitsulo zija zitapachikidwa, azakhali anati, "Izi si zovala, n'zida. Zisiyeni." Sanaone kuti jekete linali mkati, lomangiriridwa ku malaya achitsulowo ndi zingwe zachikopa. Ine ndinaona, koma ndinangoti duu. M'nyumba monse ndi lokhalo limene linatsala ndi fungo lake. Ndikaweruka kuntchito yosamalira okalamba ndinkatsikirako, kulowetsa mphuno m'kolala n'kukhala kanthawi. N'chimene chinkandipatsa mphamvu yodzuka m'mawa.

Kenako timphete tija tinayamba dzimbiri. Mnzake wa Limbani wa patebulo, Kevin, anandilozera sitoloyo kuti amadziwa kutsuka. Ndinakwera basi, sitima, sitima inanso, chikwama chikundidula phewa. Pakauntala ndinapeza bambo wa ndevu zoluka. Ndinamufotokozera zonse: mwini wake anamwalira, tsukani chitsulo chokha, jeketelo masulani ndibwerere nalo. Anati mfundo zalimba, ndipo wodziwa kumasula osadula zingwe sanabwere. Mfundozo anamanga Limbani ndi manja ake, sindikanalola lumo. Bamboyo anati ndisadandaule, adzalimasula n'kuliika padera. Ndinabwereza kuti lisakhudze madzi. Anagwedeza mutu mwachisoni ngati m'busa.

Lachisanu ndinapita kukatenga. Chitsulo chinali waliwali, pamenepo sindinama. Pambali pake panali pepala la pulasitiki, mkati muli jekete lopindidwa bwino, loyera mbee.

Ndinafunsa kuti ichi n'chiyani? Mtsikana amene anali pakauntala tsikulo anamwetulira. Anati thukuta lili ndi mchere, mchere ndi umene umabweretsa dzimbiri, choncho jekete lililonse amachapa. Anawonjezera kuti kuchapako n'kwaulere. Kwaulere! Ndiombe m'manja?

Ndinaitanitsa bwana wawo. Anatuluka akutafuna sangweji. Anandifunsa ngati jeketelo lang'ambika. Ndinati ayi. Lafupika? Ayi. Ndiye vuto lili pati? Nditamuuza, anati pepani, mwina uthenga sunafike kwa ogwira ntchito kuseri. Sunafike bwanji, sitolo yake ya zipinda ziwiri? Unasochera panjira? Unkadikira sitima? Kenako anati ulendo wotsatira adzanditsitsira mtengo.

Ulendo wotsatira ndidzabweretsa za mwana uti?

Sindinakuwe. Ndinanyamula katundu wanga n'kutuluka. M'sitima ndinatsegula pulasitiki ija. Ndinanunkhiza kolala, m'khwapa, m'mikono, mpaka m'misoko. Sopo wa mandimu basi. Ndinalira ngati tsiku la maliro, mayi wina wachizungu n'kundipatsa tishu osafunsa kanthu. Anthu inu, mtima ukundipweteka. Zili ngati ndamuikanso m'manda kachiwiri, ulendo uno ndekha, popanda wondiimbira nyimbo.

Ndikudziwa, madzi akatayika saoleka. Koma inu amene muli ndi kanthu ka malemu, musakasiye m'manja mwa munthu amene wangogwedeza mutu. Imani pomwepo mpaka amalize, kapena bwererani nako.

Ndipo inu a sitolo, Kevin wati akuwerengerani izi m'Chingerezi. Kuchotsera mtengo kwanuko khalani nako. Ndikufuna chinthu chimodzi: mundionetse munthu amene anachapa. Sindimutukwana ayi. Analinyamula jeketelo m'manja asanaliponye m'madzi, ndiye kuti iye ndi womaliza padziko pano kumva fungo la mwana wanga. Abwere adzandiuze mmene linkamvekera, chifukwa ine ndayamba kale kuiwala.