Deliwe ndi Timiluza Topinimbira

Tsiku limene mphunzitsi wake anamuuza kuti ntchito yake ya chaka chonse sikuonetsa kanthu, Deliwe analira m'basi mpaka kukatsika kumene ankakhala mumzinda wa Coventry, kutsidya la nyanja. Anamupatsa temu imodzi yokha. Ikapanda kubala zipatso, sikolashipu ithe, viza nayo ithere pomwepo.

Deliwe, mwana wa alimi a mtedza ku Mchinji, ankafufuza mluza, kamwana ka chomera kamene kamayambika m'kati mwa njere. Selo loyamba limatalika kaye, kenako n'kugawika pawiri: laling'ono limadzakhala chomera, lalitali limachidyetsa. Funso lake linali lakuti, kodi uthenga wouza selolo kuti litalike umachokera kuti?

Ankalimbikira, koma payekha. Kufunsa ankachita nako manyazi.

Atathedwa nzeru, anapempha Gomezga, mnzake wa ku Rumphi amene anali patsogolo pa maphunziro, kuti akhale naye pa maikulosikopu. Gomezga anaona Deliwe akusankha timiluza tooneka bwino, topinimbira n'kumakankhira pambali.

"Iii, asisi! Timeneto mukupita nato kuti?"

"Kubini. Si towonongeka?"

Gomezga anagwira mutu. "Kodi mukuyesa mukusankha mbewu ya mtedza? Towonongekato ndi timene uthenga sunafike. Yankho lanu mwakhala mukulitaya chaka chonse!"

Abale, zinamupweteka. Manja amene anazolowera kuchotsa mtedza wofota kuyambira ali mwana anachita zomwezo mu labu, mwini wake osazindikira n'komwe.

Koma sanakhale pansi n'kumadzimvera chisoni. Anayambiranso. Ankatenga mungu wa chomera china n'kuupaka pa duwa la china, timaluwa tochepa ngati njere ya mpunga. Maso ankawawa, khosi kuuma, chisanu cha ku Coventry chikuluma zala. Kamluza kalikonse, kokongola kapena konyansa, ankakajambula.

Pang'onopang'ono chinthu chinaonekera. Pa zomera zakezo, mungu ukachokera ku chomera chosowa uthengawo, selo loyamba silinkatalika, ndipo mluza unkapinimbira. Uthenga unkabwera ndi mungu.

Mphunzitsi uja anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, kenako anati, "Deliwe, sukupita kulikonse. Tili ndi ntchito."

Lero Deliwe ndi dokotala wa sayansi ya zomera ku Birmingham.

Inu amene mukulimbikira koma zinthu sizikuyenda, simuli mbuli ayi. Mwina pali kanthu kamodzi kamene manja anu akuchita inu osakaona. Manyazi akhale pambali, itanani mnzanu adzaone mmene mukugwirira ntchito. Osagonja, ndipo osavutika nokha.