Umboni wa Getsi la Pakhonde

Pa ofesipo aliyense ankawatchula kuti Awaya, moti dzina lawo lenileni linkadziwika ndi fayilo yokha. Anakalambira pomwepo akusintha mababu, kukonza maketulo a mabwana ndi kukalipira anthu opanikiza waya mu soketi ndi mtengo wa machesi. Tesita yoyezera magetsi sinkachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo.

Chimene ankanyadira koposa chinali getsi la pakhonde lakutsogolo, lija loyaka lokha munthu akamayenda. Analilumikiza okha: waya wamoto kulowa mu sensa, kachipangizo kozindikira kuyenda kwa munthu, kuchoka mu sensa kupita ku babu, kenaka wina wolambalala sensayo kudzera pa swichi, kuti mlonda akafuna kuwala kosazima azingodina. Koma swichiyo itangomangidwa, Oyang'anira Katundu anaitsekera m'kabokosi ndi loko, pakuti malamulo salola wantchito wa giredi ya mlonda kugwira chipangizo cha ofesi popanda chilolezo cholembedwa.

Lachiwiri lina m'mawa, Awaya anaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo ngati mboni. Woimbidwa mlandu anali mlonda, mlamu wawo weniweni, mchimwene wa akazi awo, ali pakona chipewa chili m'manja.

"Abwana aakulu adutsa pamsewupa usiku masiku atatu otsatizana, getsi lili chizimire," anatero Wapampando. "Getsi limeneli limayaka pakakhala munthu. Choncho mlonda panalibe. Amisiri, ingotsimikizani kuti getsi lanu silinama, tisayine kalata yochotsa munthuyu ntchito."

Awaya anayang'ana mlamu wawo. Getsi lawo lomwe, kuchotsetsa ntchito mlamu wa ana asanu! Nanga kunyumba akalowera khomo liti?

"Bwana, limayaka munthu akamayenda. Akangokhala phee, limazima."

"Mlonda wokhala phee ndi mlonda wotani?"

"Alamu, auzeni," analowerera mlonda uja. "Ine ndimakhala pabenchi paja, maso ali ku geti. Ndizivina kodi?"

"Inu simunapatsidwe mpata wolankhula," anatero Wapampando.

Awaya anapempha mwaulemu kuti komiti ikapitirize zokambirana pakhonde pomwepo, ikaone yokha. Panadutsa mphindi makumi awiri akutsutsana ngati khonde ndi malo ovomerezeka ochitira msonkhano, kenaka mipando inatuluka. Awaya anakwera makwerero, napotokola kabatani ka pansi pa sensa kuchoka pa chizindikiro cha mwezi kupita pa dzuwa, kuti getsi lizigwira ntchito ngakhale masana. Anthu akukoka mipando, getsi lija ngwee.

"Mwaona?" anatero Wapampando. "Pali anthu, layaka."

"Tsopano werengani lipoti la mlanduwu, bwana," anatero Awaya.

Wapampando anakhazikika, nayamba kuwerenga ndi mawu aja ogonetsa ngakhale ntchentche. Mamembala anayi anangoti duu, manja pamimba, monga amachitira pa msonkhano uliwonse. Asanamalize tsamba loyamba, getsi linazima.

Wapampando anayang'ana kudenga kukamwa kuli yasa. Anakweza fayilo m'mwamba, getsi linayaka. Anaitsitsa, onse nadikira osaphethira, ndipo linazimanso.

Mlembi, mayi wosaseka wamba, anakonza magalasi ake. "Awapampando, ndilembe kuti komiti palibe?"

Membala wina anatsamwa ndi chiseko, nachisandutsa chifuwa.

"Ndiye chifukwa chake ndinaika swichi ija," anatero Awaya. "Akanakhala ndi kiyi ya loko uja alamuwa, bwenzi likuyaka mpaka m'mawa."

Maso onse anatembenukira kwa Oyang'anira Katundu, amene anali mmodzi wa mamembalawo. Iwo anafotokoza kuti kiyiyo ili pamalo otetezeka kwambiri, ndipo malowo adzawakumbukira posachedwa.

Chigamulo chinatuluka isanakwane nkhomaliro. Mlonda anapezeka kuti analipo ndithu, ndipo ntchito yake ipitirira. Koma komiti yoti yanyamula mipando mpaka pakhonde singabalalike yosapeza wolakwa. Awaya anapatsidwa kalata yochenjeza, chifukwa choika pa ofesi chipangizo chosocheretsa akuluakulu. Anaiwerenga kawiri, osakhulupirira, kenaka anasayina.

Mlamu wawo anawapeza akupinda makwerero.

"Pepani alamu, ndakupalamulitsani."

"Iyayi, zasiyeni izo," anayankha Awaya. "Pitani mukagone. Madzulo ano muli pantchito."